Adachoka ali makanda, akubwera ndi imvi kudzafunsa kwawo

Kuno kwathu dzina lokha silikwanira. Pitani kupolisi, kuchipatala, kubanki kapena kolembetsa mayeso. Kalaliki akangolemba dzina lanu sadzutsa n'komwe mutu, amangopitiriza: mudzi? mfumu yaikulu? boma? Ngakhale ana obadwira ku Ndirande kapena ku Kawale, amene kumudzi amangopondako pamaliro, amayankha mosajejema. Pamsika n'chimodzimodzi. Musanam'kongoze munthu katundu mumayamba mwam'funsa kuti kwanu n'kuti, mfunda wanu ndi uti, ndipo akatchula mudzi woudziwa mtima umakhala m'malo.

Tsono taganizani za munthu wa zaka 50, wophunzira bwino, wa nyumba yake ndi ana ake, koma funso limeneli likam'peza amangoti kakasi. Dzina la mayi ake salidziwa. Tsiku lobadwa limene lili pa chiphaso chake adachita kum'pekera munthu wina mu ofesi. Akadziyang'ana pagalasi amaona nkhope yosafanana ndi aliyense wa m'nyumba imene adakuliramo. Anthu oterewa alipo zikwizikwi, ndipo ambiri mwa iwo adachokera ku South Korea, dziko lomwe ife timalidziwira mafoni a Samsung ndi galimoto za Hyundai.

Ndafuna tikambirane nkhani yawo lero chifukwa nafenso tidayamba kale kupereka ana athu kwa anthu a kunja, ndipo akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mfundo yanga ndi imodzi. Mwana wopita kukaleredwa kutali, tsiku lina adzafuna kudziwa kumene kudagwera mchombo wake, ndipo chimene chidzam'fikitse kapena kum'sokeretsa ndi kapepala kamene akuluakulu adalemba pamene ankanyamuka.

Zidayamba ndi chifundo

Nkhondo ya ku Korea idamenyedwa kuyambira 1950 mpaka 1953 ndipo idasiya mizinda ili bwinja, ana ali mbwee m'misewu. Pakati pawo padali ana obadwa kwa amayi a Chikoreya ndi asilikali a ku America. Anawa anthu ankawasala, ndipo boma la Syngman Rhee lidaona kuti n'kwabwino apite kudziko la abambo awo.

Mu 1955 mlimi wina wa ku Oregon, ku America, dzina lake Harry Holt, ndi mkazi wake Bertha adatenga ana a ku Korea asanu ndi atatu nthawi imodzi. Nyumba ya Malamulo ya ku America idachita kupanga lamulo lapadera kuti izi zitheke. Nyuzipepala zitalemba nkhaniyi, mabanja ambiri adati nafenso tikufuna, ndipo chaka chotsatira a Holt adakhazikitsa bungwe lotumiza ana. Ine sindikayika kuti anthu awiriwa adali ndi mtima wothandiza. Ana ambiri a nthawi imeneyo akadafa ndi njala ndi matenda.

Chodabwitsa n'chakuti nkhondo itaiwalika, mafakitale atayamba kufuka utsi, ndege zonyamula makanda sizidaleke. Zidachita kuchuluka. Chaka chimene ana adatuluka ambiri ndi 1985, patatha zaka 32 mfuti zitasiya kulira: ana oposa 8,000 m'chaka chimodzi, kutanthauza oposa 20 tsiku lililonse. Onse pamodzi akuyerekezedwa kuti ndi pafupifupi 200,000. Ambiri adapita ku America, ena ku France, Sweden, Denmark, Norway, Netherlands, Belgium ndi Australia.

Nanga ana amasiye ochuluka chotere ankachokera kuti m'dziko lopanda nkhondo? Ambiri sadali amasiye ayi. Adali ana a atsikana osakwatiwa, amene makolo ankawakakamiza kubisa manyazi. Adali ana a mabanja osauka, amene adakawasiya kumalo osungirako ana poganiza kuti adzawatenga zinthu zikayamba kuyenda. Ena adangosochera pamsika kapena pasiteshoni. Kwa boma, kutumiza mwana kunja kudali kotchipa kusiyana ndi kuthandiza mayi ake, ndipo ntchito yonse lidaisiya m'manja mwa mabungwe anayi omwe sadali a boma. Mabanja a kunja ankalipira madola pa mwana aliyense, kuwonjezapo zimene ankazitcha zopereka. Inu amalonda mukudziwa chimene chimachitika ogula akachuluka kuposa katundu.

Mpikisano wa Olympics utabwera ku Seoul mu 1988, atolankhani a kunja adalemba kuti dziko lonyadira chuma chake likutumiza makanda kunja ngati malonda. Boma lidachita manyazi, chiwerengero chidatsika, koma kutumizako sikudathe.

Kaundula wa munthu mmodzi

Tifike pa kapepala kaja. Ku Korea kudali kaundula wa banja, wolembedwa motsata bambo, amene adathetsedwa mu 2008. Kuti mwana atuluke msanga ankafunika kuoneka kuti alibe mwini. Tsono ankam'tsegulira kaundula wakewake, wosonyeza kuti khandalo ndilo mutu wa banja, lopanda bambo, lopanda mayi, lopanda mbale. Pamalo ofotokozapo mmene adapezekera ankalemba mawu omwewomwewo: adam'tola pakhomo la polisi, adam'tola m'mbali mwa msewu. Nthawi zina wolembayo amakhala atalandira mwanayo kuchokera m'manja mwa mayi ake enieni, dzina la mayiyo lili mu fayilo ina m'kabati.

Choipitsitsa chidali kusinthanitsa ana. Mapepala akakonzedwa kale, banja la kunja likudikira, ndiye mwanayo n'kumwalira, kudwala kapena abale ake n'kudzam'tenga, ankangotenga mwana wina n'kum'veka dzina ndi mbiri ya mnzakeyo.

Izi zidam'chitikira Deann Borshay Liem, mayi wojambula mafilimu. Adafika ku California mu 1966 ali ndi zaka 8, pa mapepala atalembedwa kuti ndi Cha Jung Hee, mwana wamasiye. Asananyamuke adam'langiza kuti asadzaulule kuti dzinalo si lake. Posakhalitsa Chikoreya chidam'thawa pakamwa, ndipo naye adayamba kukhulupirira zimene zidalembedwazo. Atakula, nkhope za anthu ndi kanyumba kena zidayamba kum'bwerera m'maganizo ndi m'maloto. Pofufuza m'mapepala ake adapeza zithunzi ziwiri za atsikana awiri osiyana, zonse zolembedwa dzina limodzi. Adalemba kalata kumalo kumene adasungidwa ali mwana, ndipo yankho lidachokera kwa mlongo wake, kum'dziwitsa kuti mayi ake ali moyo ndiponso kuti dzina lake lenileni ndi Kang Ok Jin. Cha Jung Hee weniweni bambo ake adali atakam'tenga ulendo usanakwane. Nkhaniyi adaijambula mu filimu yotchedwa First Person Plural mu 2000, ndipo mu 2010 adatulutsa ina, yofunafuna mtsikana amene adam'yendera dzina zaka zonsezo.

Onani apa kuti banja la ku California silidam'zunze mwanayu. Lidam'konda, lidam'phunzitsa, ndipo nalonso lidanamizidwa. Koma chikondi chonsecho sichidatseke funso lija.

Kugogoda pakhomo

Makanda a m'ma 1970 ndi 1980 atakula adayamba kubwerera. Mu 1998 iwo eni adakhazikitsa bungwe ku Seoul lotchedwa Global Overseas Adoptees' Link, lothandiza obwera kumene kupeza womasulira ndi poyambira kufufuza. Chaka chomwecho mtsogoleri wa dzikolo, Kim Dae-jung, adaitanira 29 a iwo kunyumba ya boma n'kuwapepesa. Mu 1999 adaloledwa kukhala ndi kugwira ntchito m'dziko lobadwiralo, ndipo kuyambira 2011 akhoza kutenganso unzika wa Korea osataya wa kumene adakulira.

Koma kuloledwa kulowa m'dziko n'kwina, kupeza khomo la mayi ako n'kwinanso. Munthu amasunga ndalama zaka zingapo, n'kukwera ndege usiku wonse, n'kukafika ku ofesi ya bungwe limene lidam'tumiza. Ambiri amasimba kuti kumeneko wantchito ankakhala kutsidya kwa tebulo ndi fayilo, n'kumawawerengera zimene wasankha yekha, masamba ena osawaonetsa. Ena adauzidwa kuti mapepala adapsa kapena adaonongeka ndi madzi. Lamulo limene lidayamba kugwira ntchito mu 2012 lidawapatsa ufulu wopempha mbiri yawo, komabe lidati dzina ndi keyala ya kholo zisaperekedwe khololo lisanavomere. Tsono mayi amene adakwatiwa n'kubisira mwamuna wake kwa zaka 40 kuti adaberekapo, kalata yotere ikam'peza, nthawi zambiri amangokhala chete. Ndani angam'weruze?

Ena adapita pa wailesi ya kanema atanyamula chithunzi cha paukhanda, kupempha aliyense wozindikira nkhope kapena chipsera kuti aimbe foni. Toby Dawson mwayi wake udadzera m'masewera. Adaleredwa ku Colorado ndi aphunzitsi a masewera otsetsereka m'mapiri a chisanu, ndipo mu 2006 adapata mendulo ya nambala yachitatu pa Olympics ya ku Turin. Nkhope yake itaoneka pa kanema ku Korea, abambo angapo adatulukira, aliyense akuti mwanayo ngwanga. Kuyeza magazi n'kumene kudathetsa mkangano. Bambo ake adali dalaivala wa basi wa ku Busan, amene adafotokoza kuti mwanayo adasochera pamsika wodzaza anthu ali kamwana, ndipo adam'funafuna m'malo osungirako ana osam'peza. Adakumana mu 2007. Nanga amene sadapate mendulo?

Iwowo chimene chawathandiza ndi kuyeza kwa DNA. Munthu amalavulira m'kabotolo kapena kupukuta m'kamwa ndi kathonje, n'kutumiza kuti akayeze. Makina amafananitsa zotsatirazo ndi za anthu ena onse amene adayezetsa, ndipo amatha kuloza kholo, mbale, ngakhale msuweni. Gulu lotchedwa 325Kamra, lomwe anthu oleredwa kunja omwewa adayambitsa mu 2015, lidayamba kuyeza ulere makolo a ku Korea amene adataya ana.

Mmodzi wa makolowo ndi mayi Han Tae-soon. Mu 1975 adasiya mwana wawo wamkazi akusewera pafupi ndi nyumba, iwo n'kuthamangira kumsika. Pobwera, mwana kulibe. Adakanena kupolisi, adayenda m'malo osungirako ana, adamata zithunzi paliponse, zaka 44 zathunthu. Osadziwa kuti mu 1976, chaka chisanathe n'komwe chisowereni, mwanayo adali atakwezedwa ndege kupita ku America ngati wamasiye. DNA idawakumanitsa mu 2019, mayi atakalamba, mwana ali ndi mwana wake wamkulu. Mu 2024 mayiwa adasumira boma la Korea ndi bungwe la Holt.

Chibale ndi fupa sichiola, inde, ndipo mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Koma tisaganize kuti akakumbatirana pabwalo la ndege nkhani yathera pomwepo. Munthu amagwira dzanja la mayi ake, koma kuti awafunse ngati adzuka bwino pafunika womasulira pakati. Mayi akufuna khanda lawo lija, pomwe patsogolo pawo paima munthu wamkulu wa makhalidwe achilendo. Zaka zotayikazo palibe khoti limene lingabweze.

Uku mlendo, uko mlendo

Ambiri mwa anawa adakulira m'matauni ang'onoang'ono a Azungu okhaokha. Kusukulu anzawo ankawaseka maso, ndipo atakula anthu sasiya kuwafunsa kuti koma kwanu kwenikweni n'kuti. Akafika ku Seoul, kumene aliyense akufanana nawo, woyendetsa takisi amawadabwa kuti Mkoreya wanji wosadziwa Chikoreya. Uku mlendo chifukwa cha nkhope, uko mlendo chifukwa cha lilime.

Kwa Adam Crapser zinthu zidafika poipa. Adatumizidwa ku America mu 1979 ali ndi zaka zitatu. Banja loyamba lidam'taya, lachiwiri lidapezeka lolakwa kukhoti pa milandu yozunza ana, ndipo onsewo palibe adam'lembetsa unzika. Umodzi mwa milandu imene iye adamangidwa nayo udali wothyola nyumba ya omulerawo, kuti akatenge Baibulo la Chikoreya ndi tinsapato ta mphira zimene adabwera nazo ali mwana. Adapalamulanso milandu ina, sindibisa. Mu 2000 America idapanga lamulo lopatsa unzika ana otengedwa kunja, koma lidasiya onse amene adali atakwanitsa kale zaka 18. Mu 2016, ali ndi zaka 41, Crapser adathamangitsidwa m'dzikomo, kusiya mkazi ndi ana, kupita ku Korea kumene chinenero sankachidziwa. Mu 2023 khoti la ku Seoul lidalamula Holt kuti im'patse chipepeso cha ndalama za kumeneko zokwana 100 miliyoni won, koma mu Januwale 2025 khoti la apilo lidafafaniza chigamulocho. Kapepala kamodzi kamene akuluakulu sadalabadire kadam'landa kwawo kwachiwiri.

Ndisakunamizeni kuti onse amalira. Fleur Pellerin adabadwira ku Seoul mu 1973, adapita ku France ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mu 2012 adakhala nduna ya boma la France. A ku Korea adam'nyadira ngati mwana wawo, pomwe iye ankangodziona ngati Mfalansa. Ndi ufulu wake. Alipo ambiri amene safuna kufufuza, ndipo palibe woyenera kuwakakamiza. Ena amayamba kufufuza atabereka mwana wawo woyamba, kapena dokotala akawafunsa ngati matenda a shuga ndi khansa alipo kumtundu kwawo. Ine ndikuti chitseko chikhale chosakhoma. Kulowa kapena kusalowa aone mwini wake.

Boma livomera

Mu 2022 gulu la oleredwa ku Denmark, lotsogozedwa ndi loya Peter Møller, lidakatula madandaulo ku Truth and Reconciliation Commission, bungwe la boma la South Korea lofufuza zolakwa zakale. Anzawo a m'maiko ena adatsatira, madandaulo n'kukwana 367. Mu Malichi 2025 bungweli lidatulutsa zimene lidapeza: mapepala abodza, ana osinthanitsidwa, makolo osafunsidwa, mabanja olandira ana osafufuzidwa, ndalama zosayang'aniridwa. Lidati boma ndilo lidalekerera zonsezi, ndipo lidatsimikiza kuti anthu 56 adaphwanyiridwa ufulu. Otsalawo nkhani zawo zidaimikidwa, zina kaamba koti mapepala ngosakwanira. Tamvani zimenezo! Munthu akudandaula kuti adam'sokonezera mapepala, ndiye akumuuza kuti abwere ndi mapepala.

Mu Julayi chaka chomwecho ntchito yopereka ana idachotsedwa m'manja mwa mabungwe n'kupita m'manja mwa boma, ndipo mafayilo akale adasamutsidwira ku ofesi ya boma yoona za ufulu wa ana. Mu Okutobala mtsogoleri wa dzikolo, Lee Jae Myung, adapepesa. Apa n'kuti patatha zaka 70 a Holt atanyamula ana oyamba aja, makolo ambiri oyenera kumva kupepesako ali kumanda.

Maiko enanso adatsekula maso. Ethiopia idaletsa kupereka ana kwa anthu a kunja mu 2018, China mu 2024. Netherlands, itafufuza zimene zinkachitika, idaimitsa kulandira ana a kunja mu 2021, ndipo pambuyo pake idaganiza zosiyiratu.

Nanga ife?

Mukukumbukira mu Okutobala 2006 pamene woimba wa ku America, Madonna, adatenga David Banda, wa chaka chimodzi, ku Home of Hope ku Mchinji. Mayi ake a mwanayo adali atamwalira, bambo ake adali moyo. Mabungwe oona za ufulu wa anthu adathamangira kukhoti, mtsutso udali m'minibasi monse. Mu 2009 woweruza wa bwalo lalikulu, mayi Esmie Chombo, adakana pempho la woimba yemweyu lotenga Mercy James, poti lamulo lathu la 1949 limafuna kuti wotenga mwana akhale wokhala m'dziko muno. Bwalo la Supreme lidatembenuza chigamulocho mu Juni chaka chomwecho. Mu 2017 adatenganso mapasa, nawonso bambo awo ali moyo.

Sindikuweruza Madonna. Ana amenewa kwawo kumadziwika ndi dziko lonse, ndipo abwerapo kuno kangapo. Nkhawa yanga ili pa ana ena, amene amachoka mwakachetechete popanda mtolankhani kapena kamera. Mafayilo awo akusunga ndani? Akadzabwera mu 2040 ndi Chingerezi cha m'mphuno, adzagogoda pakhomo liti?

Msampha uli pa mawu akuti wamasiye. M'Chichewa, ndiponso m'ndondomeko za boma lathu, mwana amene wataya kholo limodzi ndi wamasiye. Koma mwanayo ali ndi malume ake, azakhali, agogo, mfumu ndi munda wa makolo. Mawu omwewa akamasuliridwa m'Chingerezi n'kuwerengedwa ku London kapena ku Texas, amamveka ngati mwana wopanda aliyense pansi pano. Ndiponso agogo a kumudzi akamadinda chala pa pepala la Chingerezi, mumtima mwawo akhoza kumati mwana akupita kusukulu, adzabwera, monga amachitira wopita kwa malume ake ku Lilongwe. Kulera mwana wa mbale ndi khalidwe lathu, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pachikhalidwe chathu kulera sikudula ubale. Lamulo lotenga mwana limadula. Khoti likagamula, mphamvu za makolo omubereka pa mwanayo zimathera pomwepo.

Onjezanipo kuti kulembetsa kubadwa kwa mwana aliyense kudakhala kokakamiza ndi lamulo la 2010, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2015. Ana ambiri obadwa izi zisanachitike umboni wawo udali kabuku ka kusikelo basi, ndipo tonse timadziwa mmene chiswe ndi mvula zimachitira ndi timabuku timeneti.

Pa pepala tili bwino ndithu. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina lake, dzina la banja ndi unzika, komanso ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo. Pangano la maiko a mu Africa loona za ufulu wa ana, la 1990, limati kutumiza mwana kunja kukhale komalizira, njira zonse za kwawo zitakanika. Pangano la ku Hague la 1993 limalamula maiko kusunga mbiri ya makolo a mwana ndi ya matenda ake. Anzathu a ku Zambia adalowamo mu 2015, pomwe ife, pamene ana onse aja ankachoka, tidali tisanalowemo. Chimodzi tidachita bwino n'chakuti mu 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza unzika wa maiko awiri, zomwe zingathandize mwana wokulira kunja akadzafuna kubwerera.

Zoyenera kuchita

Zimene ndikupempha sizifuna ngongole ya kunja. Choyamba, fayilo ya mwana aliyense woperekedwa kwa anthu ena ikhale ndi dzina la mayi, la bambo, mfunda, mudzi, mfumu yaikulu, boma, maina a malume ndi agogo, ngakhalenso manda kumene mayi adaikidwa. Isungidwe m'malo awiri, kukhoti ndi ku National Archives ku Zomba, chifukwa malo osungirako ana mawa akhoza kutsekedwa, kabati n'kugulitsidwa. Chachiwiri, abale afotokozeredwe m'chinenero chawo, pamaso pa mfumu, kuti kudinda chalako kukutanthauza chiyani. Chachitatu, mwana akakwanitsa zaka 18 apatsidwe fayilo yake yonse akaifuna, yosafufuta paliponse. Chachinayi, tisanathamangire ndege tiyambe tafunsa ngati agogo kapena azakhali sangam'lere pakhomo atathandizidwa mkaka, feteleza ndi fizi. Ku Korea umphawi wa zaka zochepa udalekanitsa anthu moyo wonse.

Inu amalonda, ambiri a inu mukulera ana a abale omwalira pa phindu la kaunjika ndi tomato, ndipo ntchito imeneyi ndi yaikulu kuposa ya bungwe lililonse. Koma musam'bisire mwana kuti mayi ake adali yani ndipo bambo ake kwawo n'kuti, ngakhale bamboyo adakukwiyitsani chotani. Chinsinsi chotere chimaphulika pamaliro kapena pogawana chuma cha masiye, kuchokera pakamwa pa woledzera, ndipo chimapweteka kuposa mukadamuuza nokha ali wamng'ono. Ngati umphawi wakukakamizani kukasiya mwana kumalo osungirako ana, lembetsani dzina lanu ndi mudzi wanu m'buku lawo, funsani kuti mwanayo amulemba kuti chiyani, ndipo muzikamuona pafupipafupi kuti aliyense adziwe kuti ali ndi eni ake.

Inu ophunzira, ena mwa inu ndinu maloya, anamwino, akalaliki ndi alangizi a zachisamaliro cha anthu a mawa, amene mudzalembe mapepala amenewa. Tsiku limene agogo osadziwa kuwerenga adzakhale patsogolo panu ndi khanda kumsana, cholembera chili m'manja mwanu, musadzalembe kuti makolo osadziwika chifukwa choti mzere wa pafomu ndi waufupi kapena nthawi ya nkhomaliro yakwana. Wodzawerenga zimene mwalembazo ndi khanda lomwelo, patatha zaka 40.